Makiyi a Kabati ya Mankhwala

Lolemba, 3 Juni

Mapazi ngati a munthu wina. Ndawaviika m'beseni mpaka madzi azizira.

Lero a Metroni anandiitana kuofesi. Ndimati ndalakwanso chiyani. Ayi, mphotho. Akuti chaka chino wogwira ntchito modzipereka m'chipatala chonse ndine, mzamba wa ku leba. Mwambo wake Lachisanu pa 14. Anati, “Inu simunajombepo, simunadwalepo. Ndinu chitsanzo.” Kudwala ndinadwala ndithu, kungoti ndinkadwalira pantchito.

Ndathokoza. Ndawakumbutsanso za tchuthi changa choyamba pa 17. Mwana wanga mmodzi yekhayo, mimba yake yoyamba, masiku ayandikira. Kumene anakwatiwako nkutali, basi ya tsiku lonse. Anandipempha yekha kuti pochira ndidzakhale pambali pake. A Metroni ati zonse zili m'malo.

Nsapato yakumanzere yatsegula pakamwa. Pamaso pa alendo ndidzaima nayo bwanji kaya.

Lachinayi, 6 Juni

Ana lero ngati anachita kupangana. Wina kutsogoza miyendo. Magolovesi atsala akuluakulu okhaokha, manja anga kumasambiramo.

Wailesi, mnzanga uja wosagona ndi nkhani m'mimba, wafalitsa kale mpaka kochapira. Aliyense pakhonde, “Amayi Makiyi, zabwino zonse.” Dzina limenelo anandipatsa ndi iyeyo. Lamulo la ku leba ndi lakale: wogwira makiyi a kabati ya mankhwala sachoka pawodi. Ena kukadya, ena kumsonkhano, ena kumaliro, wa makiyi pomwepo. Ndipo makiyiwo amadziwa thumba limodzi, langa. Mwambo wa mphotho zaka zonsezi ndimangoumvera pazenera. Wailesi walumbira kuti chaka chino agwira ndi iye, ine ndikakhale pampando wovekedwa nsalu yoyera ngati munthu.

Ndinamuimbira mwana wanga kumuuza. Anati, “Zabwino zonse, amayi. Nanga pa 17 paja mubweradi, kapena mudzakhala ndi makiyi?”

Zinandibaya. Koma sakunama. Tsiku lomaliza sukulu, ine makiyi. Atathyoka mkono, anamunyamula ndi aneba, ine ndili m'chipatala chomwecho, chipinda china. Ukwati wake ndinafika atadula kale keke, ndikununkha mankhwala.

Ndamuuza kuti ndibwera. Ndinanena kawiri.

Lachiwiri, 11 Juni

Mwambo ausuntha. Mlendo wolemekezeka ali paulendo, ndiye pa 21. A Metroni akumwetulira, “Mwini tsiku sangasowe, eti? Tchuthi tiyambe pa 22.”

Pakamwa panga panati chabwino mtima ndisanaufunse. Zaka zonsezi pakamwa pomwepa. Ndikanangopasoka.

Potuluka ndinadzitonthoza. Mimba yoyamba imachedwa, ndaziona kambirimbiri. Ndimawauza atsikana tsiku ndi tsiku kuti mwana sawerenga kalendala, lero ine ndemwe kumadalira kalendala.

Mwana wanga ndinamuimbira madzulo. Anangoti, “Ndinadziwa,” foni thii. Patapita kanthawi mkamwini wanga anaimba, munthu waulemu, kusalaza nkhani. Akuti ndisadandaule, amayi ake abwera kudzakhala nawo. Ndinathokoza. Nsanje yake sindinaiyembekezere.

Sindinaphike. Tiyi basi.

Loweruka, 15 Juni

Akupenta khonde limene mlendo adzadutse. Khonde lokhalo. Mpopi wa ku leba ukudonthabe, tinaumanga ndi chubu cha diripi, ndipo nyali ya pabedi lapakona imayaka ukaimenya.

Anabwera wojambula. Akuti chithunzi changa chikapachikidwa polowera. Anandiuza kuti ndimwetulire. Ndinamwetulira. Anati ndimwetulire kwenikweni. Ndinamuuza kuti mano ndi omwewa, bambo, ajambule msanga, mayi wina akundidikira pabedi.

Wailesi tsopano ali mukwaya ya anamwino, ndiye woyambitsa nyimbo. Mawu ngati chitseko cha kustolo. Ndamukumbutsa za makiyi. Akuti ndisade nkhawa, adzapeza womusiyira.

Ndagula matewera, kabulangete kachikasu, sopo wosanunkhira. Wosoka nsapato wandidula ngati akusoka ziwiri. Ndalama za basi ndapatula, ndabisa m'kabotolo kuti ndisazione.

Mwana wanga uthenga wanga anauwerenga, sanayankhe.

Lachinayi, 20 Juni

Chikwama chili pakhomo. Yunifolomu ndasita kawiri, kolala ikukanabe.

Mwana wanga foni yake sakuyankha. Mkamwini akuti ali bwino, kungoti msana ukumuvuta kuyambira m'mawa, ndipo sakukhazikika, angoti kukhala, kuima, kukhala. Iye akuyesa kutopa. Ine msana umenewo ndimaudziwa. Ndamuuza kuti chikwama cha kuchipatala chikhale pafupi, galimoto ikhale ndi mafuta.

Ndikanakwera basi ya mawa m'mawa. Ndaganiza, ndaganizanso. Koma tenti aimika kale, mipando yafika, dzina langa analemba pachinsalu. Anthu avutikira ine. Ndithawe bwanji?

Dikira pang'ono, kamwana iwe. Tsiku limodzi lokha.

Lachisanu, 21 Juni

Ndilembe, mwina mutu uphwa.

M'mawa ndinafika nditatchena, nsapato yosokedwa, ndolo zomwe. Ndinangolowa ku leba kukasiya chikwama cham'manja. Wailesi akuthamanga, lamba wa kwaya m'khosi, “Tagwirani kaye, ndikubwera pompano.” Dzanja langa linatseguka lokha. Sanachite dala, inenso sindinaganize. Ndinazindikira makiyi ali kale m'thumba, khonde lili zii, onse apita kutenti.

Ndinati ndituluke ndikamuitane. Pakhomo ndinakumana ndi machira. Mtsikana msinkhu wa mwana wanga, madzi atasweka kale, wopanda womuperekeza. Anandigwira mkono, zikhadabo mpaka mkati. Anati, “Amayi, musandisiye.”

Ndinavala magolovesi.

Pazenera kwaya, kenako zolankhula zosatha. Foni m'thumba inayamba kunjenjemera, kumagundana ndi makiyi, ngwee ngwee. Kusiya, kuyambanso. Manja anga ali mkati mwa ntchito, mutu wa mwana ukuoneka. Ndinadziwa woimbayo. Ndinadziwanso chimene akuimbira. Mtsikana uja ndinkamuuza kuti kankha, mwanangu, kankha, koma ndinkauza wina.

Pachimkuzamawu anaitana dzina langa. M'manja. Chete. Anaitananso. Kenako mawu a Metroni, okoma ngati uchi: “Mwaonatu, alendo athu. Ngakhale lero, tsiku lake, ali pantchito.” M'manja mwake munali ngati mvula pamalata. Sindinamvepo anthu akusangalala chonchija chifukwa choti munthu palibe.

Mwana wamwamuna, wolira bwino. Mayi ake ali bwino. Ndinasamba m'manja pampopi wodontha uja, nkutulutsa foni.

Mkamwini. Mwana wanga wachira masana, wamkazi. Onse ali bwino, Mulungu alemekezeke, onse ali bwino. Koma anavutika. Akuti zitafika povuta ankangoti aimbireni amayi, ndingomva mawu awo. Anaimba, anaimba. Amene anamugwira dzanja ndi apongozi ake.

Uthenga wa mwana wanga unafika madzulo. “Musathamange. Apongozi alipo.”

Ndinakhala pansi m'chipinda chochapira ziwiya, chitseko chotseka. Wailesi anandipeza momwemo. Lero wailesi inazima, anangokhala pambali panga nkumalira, lamba wa kwaya akadali m'khosi.

Mphotho anandibweretsera ku wodi. Satifiketi ya m'galasi ndi wotchi yapakhoma, yopanda batire. Makiyi ndinapereka kwa a Metroni poweruka. Anawalandira, nkuwatambasulanso kwa ine. Akuti mawa lokha, anzanga atopa ndi mwambo, wina wapempha kupuma, ndipo poti mwana wabadwa kale bwinobwino, changu nchachiyani. Anati, “Timadalira inu.”

Makiyi akulendewera pamaso panga. Dzanja langa ndinaliona likuyamba kunyamuka.

Ndatopa. Kutopa kwake si kwa mapazi.

Lamulungu, 23 Juni

Kanyumba kawo nkakang'ono, matewera pachingwe mpaka pazenera. Ndagona pamphasa pabalaza. Msana wa basi sunathe.

Ndinafika dzulo dzuwa litapendeka. Apongozi ake anandilandira bwino, mayi wabwino, ndilibe naye mlandu. Anandilandira chikwama, nkupeza chochita kukhitchini kuti atisiye awiri.

Mwana wanga ali pabedi, nkhope yotupa, milomo youma. Sanadzuke, sanamwetulire. Khanda analifungatira mbali ya kukhoma. Ndinaima pakhomo ngati mlendo wolakwa nyumba. Ine amene ndimalowa m'zipinda zotere osagogoda.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anati, “Makiyi mwasiyira ndani?”

Ndinati sindikudziwa.

Anati, “Simukudziwa bwanji?”

Ndinamuuza. Kuti dzanja lija ndinalibweza, ndinapinda manja onse awiri kumbuyo ngati mwana wasukulu, ndinati ayi, a Metroni, nkutuluka. Kuti sindinacheuke. Kuti mwina ali nawobe m'manja mpaka pano. Wotchi ndinaiwala patebulo la ku wodi, satifiketi yomwe.

Anaseka, nkugwira pamimba poti zikupweteka, kuseka kuja nkusanduka kulira. Anati ndachedwa. Ndinati eya, ndachedwa.

Sanandipatse mwana dzulo. Ndinachapa matewera, ndinatenthetsa madzi.

Foni yalira kangapo m'mawa uno, nambala ya kuofesi. Ndaizimitsa, ndaiponya m'chikwama pansi pa zovala. Chithunzi changa chili polowera, akandifuna akachifunse.

Ndikulemba ndili pakhonde. Kakhanda kayamba kulira, kulira kwa njala, kenako kwa mkwiyo, mawu a amayi ake enieni. Apongozi anyamuka kuti alowe. Ndamumva mwana wanga akuti ayi, akhale kaye, akufuna amayi.

Akuitana ine. Ndisiye apa, ndikasambe m'manja.