Laputopu ya malemu amuna anga yatupa

Aphungu,

Amuna anga anamwalira chaka chatha. Anali ophunzitsa kwaya, ndipo nyimbo iliyonse ankayamba aijambula ndi mawu awo pa laputopu asanakaphunzitse anzawo. Nyimbozo zilimo, kutsokomola kwawo kulimo, pena amamveka akundikalipira kuti ndikusokosa ndi mbale. Ine ndi ana timamvera Lamlungu masana. Kwina kulikonse mawu awo kulibe.

Kale laputopuyi inkakhala maola atatu osailumikiza ku magetsi, koma pano ndikangozula chaja imathima pompo. Kunsi kwake kumatentha, ndipo pamene timayendetsa chala paja patukuka, moti chivindikiro sichitsekeka bwino. Ndiye ndimasanjikapo mabuku anayi olemera kuti iphwe, ndipo chaja sindichotsa, kuopa kuti tsiku lina ikathima sidzayakanso.

Alamu anga, ang'ono awo a malemu, ataiona anati, "Alamu, vuto apa ndi batire, tiyeni nayo kwa okonza." Ine ndinati, "Mukachotsa batire, achimwene anu apita nalo limodzi." Kunena zoona ndili ndi mantha, Aphungu. Ndinawataya kamodzi, kachiwiri sindingapirire. Nditani?

Ine, E.T.

Mayi E.T.,

Pepani kwambiri. Kalata yanu yandikhudza, ndipo palibe angakusekeni poteteza chinthu chotere. Koma mtima m'malo: mawu a bambo sali m'batire. Ntchito ya batire ndi kusunga mphamvu ya magetsi basi. Nyimbo zimasungidwa m'kachipangizo kena, ndipo sizifufutika batire likachotsedwa.

Alamu anuwo anaona bwino. Kuthima mukazula chaja kukusonyeza kuti batire lakalamba, koma kutukukako ndiye koopsa. Latupa ndi mpweya umene ukupangika m'kati mwake, ndipo batire lotupa siliphwa ngati chithupsa. Mukalipanikiza likhoza kung'ambika n'kuyaka. Mabuku aja abwerere pa shelefu, akaweruke ntchito imene sanalembedwe.

Thimitsani laputopuyo, zulani chaja, ndipo muiike pansi pa simenti, kutali ndi makatani ndi matiresi. Musaboole batirelo kapena kulikanula ndi mpeni. Pitani nayo kwa wokonza makompyuta wodziwika bwino, alamu anu akuperekezeni, ndipo poinyamula musaipanikize m'chikwama. Mukafika muuzeni za nyimbozo asanagwire chilichonse, kenako kokani mpando mukhale pomwepo, musachite manyazi. Akachotsa batire, malaputopu ambiri amayaka ndi chaja chokha, ndiye akukopereni zonse pa mafulashi awiri inu mukuona. Mumvereko nyimbo imodzi musanachoke. Fulashi ina isungidwe kwa m'bale wanu, osati m'nyumba imodzi.

Za batire latsopano zibwere pambuyo. Nambala yake ifanane ndi imene yalembedwa pa lakalelo, ndipo pewani mabatire ogwiritsidwa kale ntchito ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Lakalelo musiyireni wokonza, lisapite kudzala kapena pamoto.

Chenjezo langa ndi limodzi: musanene kuti "timvereko komaliza" n'kuilumikizanso ku magetsi. Ndikudziwa kuti mtima ukukokerani komweko. Wokonza sangakulandeni mawu a bambo, koma moto ungathe kutero, ndipo ungayake m'nyumba momwe muli ana.

Aphungu