Adzandiika Ndani ku Matola

6 Okutobala 1997, Matola

Zamanyazi. Munthu wamwalira nyumba yachitatu kuchokera pano, Osvaldo mwana wanga wamanga tayi wapita kuntchito. Mkazi wake Rabeca akusesa pabwalo, wailesi ili pokopoko. Ndafunsa womwalirayo ndani, akuti "Papa, sitimudziwa." Simumudziwa bwanji munthu woti utsi wake umalowa m'nyumba mwanu? Kwathu ku Chiuta khasu siligwiridwa mpaka munthu ataikidwa.

Ndapita ndekha. Iwo amalira Chishangana, ine Chinyanja. Palibe wandibweza.

9 Okutobala

Osvaldo wayambanso. Akuti akandichotsa ng'ala m'disomu ndisabwerere kwathu ku Mecanhelas, ndikhale konkuno. Ndamufunsa, ndikafa kuno adzandiika ndani? Bokosi mudzasenza awiri ndi mkazi wako? Waseka. Ine sindinaseke.

Mkazi wanga Margarida tinamuika ku Malawi, nthawi yothawa nkhondo. Dothi la eni, inde, koma msasa wonse unabwera, ngakhale amene tinkakankhana nawo pamzere wa ufa. Mtendere utabwera ndinabwerera ndekha.

Basi. Diso latopa.

15 Okutobala

Dera lino, bairo monga amanenera kuno, ndi nyemba zosakaniza. Ashangana, Asena, Amakonde, Amwenye, ndi mzungu mmodzi amene agalu ake amadya bwino kuposa ine. Mamawa onse piringupiringu kulimbirana mashapa, maminibasi a ku Maputo, kuno amangobwera kudzagona. Ukawapatsa moni amayang'ana wotchi. Wanthawi ndi mmodzi yekha, a Nasoro, Mmakuwa wa ku Angoche, amasoka nsapato patsinde pa mango. Chimakuwa changa n'chothyokathyoka koma timamvana.

Ndaganiza. Maliro n'kulirana. Wosadzala sakolola. Paliponse pamveke kulira m'bairo muno, ine ndilipo.

24 Okutobala

Sabata yabwino. Lolemba maliro a Msena, Lachinayi a Msilamu. Asilamu sachedwa, ndafika atanyamula kale, ndathamanga pambuyo ngati wotsalira sitima ya ku Cuamba. Maondo akuwawa mpaka lero.

Rabeca akudandaula sopo wochapira zovala zanga. Akuti kumsika amamufunsa ngati apongozi ake amalandira malipiro polira. Akanandilipira bwenzi nditagula njinga.

1 Novembala

Lero ndaponda pamoto. Pakona, kwa a Sitoe, ndaona tenti, mipando, azimayi ndi mapoto akuluakulu. Kwathu anthu akachuluka popanda ng'oma ndiye kuti pagwa zovuta. Ndalowa chipewa kumanja, nkhope yogwa. Ndagwira mwini nyumba ndi manja awiri, ndamupepesa ndi Chipwitikizi changa chonse, kuti Mulungu amapereka, Mulungu amatenga. Iye kungondiyang'ana. Kenako nthungululu! Atulutsa mtsikana atamuphimba nsalu, azimayi akuvina. Kunali kulowola mwana wake.

A Sitoe aseka mpaka kukhala pansi. Akuti "Madala, simunaname, akunditengeradi." Andikhazika kutsogolo, ntchafu ya nkhuku m'mbale. Ndadya ndi manyazi, koma ndamaliza.

3 Novembala

Mumsewu akandiona akuti "Vovo Maliro," ndiye kuti Agogo Maliro. Osvaldo sakundiyankhula, ati ndamuchititsa manyazi bairo lonse. Chabwino. Ndamuuza akonze za tikiti, likangopola disoli ndikupita. Mvula ya ku Chiuta siidikira munthu. Kumeneko manda anga adzakumba anthu odziwa dzina la bambo anga.

Mawa kuchipatala ku Maputo. Mantha alipo. Mpeni m'diso si masewera.

7 Novembala

Ndabwera. Diso limodzi lomata, ndikulemba ndi linali.

Galimoto itakhota pakona, Osvaldo ali pambali panga, ndaona anthu mbwee pakhomo pathu, nyimbo yamaliro ili m'kati. Mtima wanga phwii, ndati Rabeca watisiya. Ayi. Rabeca ali pakhomo, manja kumutu, akulumbira m'zilankhulo zitatu kuti sindinafe, ndipo palibe akumumvera, akuti ndi chisoni chamusokoneza.

Nkhani yake ndi iyi. Ine kulibe, mayiyu wapeza mpata. Jekete langa la kumsasa, limene amadana nalo, wapatsa mlonda wa mzungu. Mphasa yanga waitentha, ati nsikidzi. A Nasoro kuona jekete langa pathupi pa munthu wina, mphasa ikufuka kuseri kwa nyumba, sanafunsenso. Atseka ntchito, khomo ndi khomo kulengeza.

Ndiye abwera. Asena ndi nyimbo zawo, Asilamu ndi mpunga, a Sitoe ndi nkhuni ndi mipando, Amakonde awiri ndi mafosholo. Mmwenye wa sitolo watumiza shuga. Mzungu naye waima chapatali, wopanda agalu. Lachisanu limeneli, tsiku la ntchito! Mashapa apita ku Maputo mipando ili gwaa, yopanda anthu.

Nditatsika m'galimoto mayi wina wathawa kusiya nsapato. Nyimbo yaduka pakati. A Nasoro andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, andigwira mkono kuti atsimikize, kenako akuti "Nanga mpungawu titani nawo?"

Ndakhala pansi. Diso lomatali adokotala anati lisalowe madzi, koma lachita zake.

Zolakwika zilipo. Nyimbo amathamanga nazo ngati akuchedwa basi. Amuna ndi akazi kukhala posakanizika. Za bokosi palibe anaganizako. Anthu awa afunika munthu wowaphunzitsa, apo ayi adzandiika mwachisawawa.

Osvaldo wandinong'oneza, "Papa, tikiti ija ndigule liti?" Ndati ndalamayo kagule nyama, anthu sangadye mpunga wopanda ndiwo pa maliro a bambo ako.

Jekete lokha ndikulifuna. Mlondayo akukana, ati za womwalira sizibwezedwa.

Akundiitana. Ndikadye kaye, mpunga wa maliro anga ungazizire.