Dzina la Amayi pa Kompyuta

Nsanama, Machinga
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali Fauziya,

Salamu aleikum. Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa ku Joniko kwayamba kuchepa. Kuno tili bwino, nandolo wayamba kuuma m'minda.

Mukukumbukira pulogalamu imene ndinapanga ndi a Akimu, bwenzi lanu, yoti alimi a m'kalabu azilemba nkhani zawo pa laputopu, n'kuzitumiza pa intaneti netiweki ikabwera? Polembetsa inkafuna dzina lalifupi, la liwu limodzi. Nditawalembera amayi kuti Abiti Abdulwahab, inakana. Ndinawapempha kuti tingolemba Saida, koma anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe Sidik, limenelo ankandiitana nalo malemu bambo ako okha. Dzina la bambo anga ndilidule ngati chinangwa? Iyayi." Azimayi anzawo anakananso. A Akimu anati pakadali pano nkhani zonse zizituluka pa dzina la iwowo.

Ine ndinkadziimba mlandu. Mukundidziwa, nthawi zina ndimaona ngati digiri yangayi ndinangoitola panjira. Mwezi watha amayi anamva pa wailesi nkhani yawo ya kasungidwe ka nandolo ndi phulusa, wowerenga akuti walemba ndi Akimu, katswiri wa ulimi wa ku Balaka. Anangozimitsa wailesiyo n'kupita kukaswali.

Zinandipweteka, choncho ndinafufuza m'pulogalamumo mpaka ndinapeza mzere woletsawo. Kukonza kwake kunali kosavuta moti ndinachita manyazi. Ndinakwera minibasi ya ku Balaka kukawaonetsa a Akimu, ndili wosangalala ngati mwana.

Anayang'ana dzina la amayi litalowa lonse, osamwetulira. "Alamu, bwezerani mmene zinalili."

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Mzere umenewo ndinauika dala ndine. A bungwe lotithandiza amafuna munthu mmodzi womudziwa, osati chikhamu cha ma Abiti. Mukufuna achemwali anu akwatiwe ndi munthu wosadziwika?" Atatero anandigulira fanta, ndipo ine, wopusa ine, ndinamwa.

Koma sindinabwezere. Dzulo amayi anatumiza nkhani yoyamba pa dzina lawo, n'kundiuza kuti ndiwawerengere dzinalo mokweza. A Akimu sakuyankhanso foni yanga, komabe amalume awo akubwera Loweruka kudzakambirana za ukwati wanu.

Sindikukuuzani chochita, achemwali. Mwina ndine amene ndikukulitsa nkhani. Amayi sakudziwa zimene ndinamva ku Balaka. Iwo akuti inalakwa ndi kompyuta, ndipo ayamba kale kupeta mpunga wa alendo. Ndiwauze, kapena ndikhale chete? Chonde ndiimbireni Loweruka lisanafike.

Amayi akupereka moni wambiri. Akuti muwerenge nkhani yawo, ndiponso mukamacheza ndi a Akimu pa foni muwathokoze m'malo mwawo, chifukwa chowasungira malo nthawi yonseyi.

Ndine mchimwene wanu,
Sidik