Mpeni wa Lufina ndi Mabuku Anga

Lolemba, 5 Meyi 1952

Andilanda kiyi. Ndilembe pompano mtima ukadali wotentha. Zaka zisanu ndi zinayi ine Silvester Ndau ndasunga kabati ya mabuku pasukulu pano, palibe buku losowa, palibe long'ambika. Lero aphunzitsi aakulu, a Fanizo, andiitanira pakhonde n'kuti, “A Ndau, mupumuleko. Tiyese a Lufina kufikira pa 16. Akadzabwera bwana woyendera masukulu adzagamula yekha wosunga mabuku.”

Kupumula! Anawauza ndani kuti ndatopa?

Lufinayo (ndizingolemba L., ndisamawononge inki) ndi mwana wadzulodzuloli. Wabwera chaka chathachi kuchokera ku Mlangeni, amaphunzitsa Sabu A, kalasi ya tiana tamamina. Kiyi ndamupatsa ndi manja awiri, ndikumwetulira. Chingwe chake ndasunga.

Lachiwiri, 6 Meyi

Dzanja likungopita m'thumba la jekete. Mulibe kanthu.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndinadutsako dala. Kachipinda kaja tinkasungamo makasu a kudimba la sukulu L. wakasesa, wazira pansi, wayalamo mphasa ziwiri, kabati n'kukokeramo. Kabatiyo ili chitsegukire. Mabuku waika m'malichero, pansi penipeni, ngati kachewere pamsika wa Kandeu.

Nthawi yanga buku ankagwira ndi wa Sitandade 4 kupita m'tsogolo, atasamba m'manja, ndipo ankawerenga chiimirire ine ndili pomwepo. Lero ndinamva L. akuti, “Lowani, lowani, khalani pomwe mwakonda. Amene simunadziwe kuwerenga muziona zithunzi.” Tiana piringupiringu, tina fumbi lokhalokha. Kutsogolo kwenikweni kunali mwana wanga Dailes, wa zaka zisanu ndi chimodzi, atagona chafufumimba, miyendo m'mwamba, mphuno m'buku. Ndinakhosomola kawiri. Sanacheuke n'komwe.

Loweruka, 10 Meyi

Dailes wandandalika zitsononkho kuseri kwa nkhokwe, akuziwerengera nkhani pa tsamba la nthochi. Mawu ake ndi a L. enieni, mpaka kaimbidwe kaja ka “khalani pomwe mwakonda.” Amake, Emma, anandipeza ndikusuzumira. Akuti, “Inu abambo ake a Dailes, kuchita nsanje ndi mtsikana? Pa msinkhu wanuwo?”

Ndinati si nsanje, ndikudera nkhawa katundu wa mishoni. Anangoseka n'kumapita ndi mtsuko wawo.

Pano poti ndili ndekha: ndi nsanje. Mwanayu wakula akuona kiyi m'thumba mwanga, koma sanandipemphepo buku ndi tsiku limodzi lomwe.

Lolemba, 12 Meyi

Wagwidwa!

Pashelefu ya pamwamba panali mabuku makumi anayi a Chinyanja, aja anabwera m'bokosi nthawi ya nkhondo, mwezi womwe ndinalandira kiyi. Masamba ake ndi omatana m'mphepete, awiriawiri, pena anayi, monga kalata ya ku boma. Tsiku lomwelo ndinazindikira kuti osindikiza anawamata dala, asatsegulidwe kufikira akuluakulu atalamula. Lamulo silinabwere, inenso sindinawatsegule. Chilimwe chilichonse ndinkawaanika padzuwa, kuwapukuta, kuthira phulusa m'miyendo ya kabati kuopa chiswe.

Lero ndapeza L. ali pamphasa, mpeni wosendera kachewere m'manja, akuwacheka masamba aja. Tiana tikuombera m'manja tsamba likamatseguka.

“Aphunzitsi, mukutani?”

“Ndikuwatsegula, a Ndau. Tabwerani mudzaone, muli chithunzi cha sitima.”

“Chilolezo mwachitenga kuti?”

Anandiyang'ana modabwa, anafuna kunena kanthu, ine n'kutuluka. Ndisaname, mtima unali myaa.

A Fanizo ndawauza. Iwo za mabuku alibe nazo ntchito, chawo ndi kwaya ndi dimba. Akuti, “Musiyeni, mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.” Kakuthwadi. Ndalemba kalata ya Chingerezi, masamba awiri, ndidzapereka ndekha kwa bwana Lachisanu.

Lachitatu, 14 Meyi

Emma wachapa jekete. Chingwe cha kiyi ndachibwezera kale m'thumba, chizidikira. L. wandipatsa moni m'mawa, mwaulemu ndithu, mpaka kupinda bondo. Chisoni chinandigwira pang'ono. Kenaka ndinamva Dailes akuuza mnzake kuti “aphunzitsi anga,” chisoni n'kuthera pomwepo.

Lachisanu, 16 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

Bwana, mzungu uja, anafika pa mthuthuthu wawo dzuwa lili pamutu, ofiira ndi fumbi. Kalata yanga anawerenga ali chiimirire. Anati tiyeni tikaone. Tinalowa m'kachipinda muja ine, a Fanizo ndi iwo, L. ali pamphasa ndi tiana take. Ndinatola buku limodzi lochekedwa, lina losachekedwa, n'kuwaonetsa bwinobwino, monga mboni pabwalo.

Bwana anatembenuza losachekedwalo. Kenaka anapisa m'thumba, n'kutulutsa kampeni kawo, n'kulowetsa pakati pa masamba. Kweee! Ine thukuta.

Ndi Chinyanja chawo chopotoka chija akuti, “Aphunzitsi, uku si kumata. Pepala limasindikizidwa lalikulu, n'kulipinda. Wowerenga woyamba amadula yekha. Buku losadula ndi buku losawerenga.” Anayang'ana pashelefu. “Awa anabwera liti?”

A Fanizo akuti, “Nthawi ya nkhondo, bwana.”

“Ndipo anasunga ndani?”

Ndinangoyang'ana mphasa. Zaka zisanu ndi zinayi, ana onse aja anadutsa m'manja mwanga, ena ali ku Joni tsopano, ena ali ndi ana awo, ndipo ine ndinkaanika padzuwa nkhani zawo zili chitsekere.

Anayankha ndi L. Akuti, “Anasunga ndi a Ndau, bwana. Kwathu ku Mlangeni bokosi lotere linatha ndi chiswe chaka chimodzi chisanathe. Awa afika onse, ana akuwerenga chifukwa cha iwowa.”

Bola akanandiseka. Kuseka ndikanadana nako bwinobwino. Koma kunditchinjiriza, mtsikana amene ndamunenera masamba awiri! Bwana anapinda kalata ija n'kundibwezera. Kiyi ndi wa L., mpaka kalekale.

Kunyumba Emma sanafunse. Zinafika kale kudzera kuchitsime.

Lamulungu, 18 Meyi

Kutchalitchi sindinapite. Ndati mutu.

Lolemba, 19 Meyi

Titaweruka ndinapita kukasiya ndandanda wa mabuku, uja ndinalemba ndi dzanja langa. Ndinafuna kungoponya pakhomo. L. akuti, “A Ndau, atsala khumi ndi awiri osatsegula, ine chala chatupa. Simungandithandizeko?” Mpeni ananditambasulira ndi manja awiri.

Ndikanakana. Koma maso onse a tiana anali pa ine, ndiye ndinalandira. Pamphasa sindinakhale, ndinakoka mpando pakona.

Pepala lake limamveka bwino podula, sindinkadziwa. Buku loyamba linali la munthu wina wa ku Bwanje amene anayenda wapansi ulendo wa ku Halale, ng'ombe ya malume ake n'kumamutsatira, ikukana kubwerera. Ndinati ndione mizere iwiri yokha ngati ndadula mowongoka. Pofika pamene anakumana ndi mtsinje wodzaza, wina anandikoka buluku.

Kamwana ka Sabu A, kopanda mano akutsogolo. “Ndiye ng'ombeyo inatani?”

Ndinadzidzimuka. Ndinali ndikuwerenga mokweza, sindikudziwa kuyambira pati. Mphasa zonse ziwiri anazikokera kumapazi anga. Tsamba lotsatira linali lomatana.

“Dulani, aphunzitsi! Dulani!”

Ndinadula. Ndinawerenga mpaka ng'ombe inaoloka, ndi kulira kwake komwe ndinayeserera, tiana n'kugubuduka ndi phwete. Dailes anaseka kuposa onse, n'kuuza mnzake mokweza kuti, “Amenewotu ndi bambo anga.”

Ananena ali pamiyendo pa L.