Amene Ankatchedwa Zikomo

Nairobi, 14 Malichi 1979

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Mvula yagwa bwanji ku Ntcheu? Ine kuno ndili moyo, kungoti chakudya sichikulowa bwino masiku ano.

Deliwe mlongo wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera. Usadumphe mawu monga umachitira ukaona zoti ziwadandaulitsa. Werenga zonse.

Amayi, mukukumbukira kuti kuno anandipatsa malo awiri, ku zamalamulo ndi ku udokotala. Inu munati loya ndi munthu wa pakamwa, pomwe ine ndimachita chibwibwi ngakhale popempha mchere. Tinaseka, ndipo ndinasankha udokotala. Lero m'thumba mwanga muli fomu yosinthira kupita ku zamalamulo. Tsiku lomaliza kuipereka ndi Lachisanu lino.

Chaka choyamba timaphunzira pa mitembo. Simunandifunsepo, nanenso sindinakuuzeni. Ndi anthu amene anamwalira popanda wachibale wodzawatenga. Amawasunga ndi mankhwala, ndipo ophunzira asanu ndi mmodzi timapatsidwa mtembo umodzi. Kumutu kumakhala kokulungidwa ndi nsalu mpaka teremu yomaliza.

Athu ndi bambo achikulire, aatali, a zipsera za moto m'manja. Anzanga amawatchula ndi nambala ya tebulo. Ine lilime limakana. Povundukula nsalu ya pathupi ndimapezeka ndanena kuti mwadzuka bwanji. James, mnzanga wa ku Kisumu, nditamumasulira anaseka, nati ndisamale, tsiku lina adzandiyankha.

Sabata yatha, masana, ndinagwetsa mpeni. Mzee Wafula, mkulu wosamalira chipinda cha mitembo, ananditolera. Ndinaiwala kuthokoza kwa kuno koti asante, ndinati zikomo. Mkuluyo anangoti chilili. Anandifunsa m'Chiswahili kuti dzina limenelo wandiuza ndani. Ndinati si dzina, ndi kuthokoza kwa kwathu. Analoza tebulo lathu ndi chibwano, nati wagona apoyo ndiye Zikomo, anthu amene anabwera naye kuchokera ku Kawangware sankadziwa dzina lina. Akuti anali Mnyasa, ankaphikira azungu ku Muthaiga, ndipo kaya umupatse moni, kaya madzi, kaya umutukwane, yankho linali lomwelo.

Amayi, kalata yomaliza ya Bambo, ija mumasunga m'Baibulo, inachokera ku Muthaiga.

Ndikudziwa kuti Anyasa ophika analipo ambiri kuno, ndipo wa kwathu aliyense amati zikomo. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Komabe Loweruka ndinakwera kaminibasi, kuno amati matatu, mpaka ku Kawangware. Mayi wina wogulitsa makala anawakumbukira. Anati ankakonda kukamba za mwana wamwamuna amene anamusiya kwawo ali wamng'ono, koma dzina la mwanayo mayiyo analiiwala. Ndinamutchulira langa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati mwina.

Tsono nachi chimene ndikuulula. Paphewa lawo lamanzere panali mphini. Ndinaziona mu Okutobala, n'kungoganiza kuti kani kunonso amatema. Khungu la pamenepo ndinalichotsa ndine, ndi dzanja lomwe likulembali, ndipo aphunzitsi anandiyamikira kuti sindinjenjemera. Lero ndikayesa kukumbukira, mwina ndimaona mphini zitatu, mwina zinayi. Zanga ndi zitatu, phewa lomwelo. Munandiuza kuti anatitemera tsiku limodzi, ine ndi Bambo, asananyamuke ulendo wawo. Kodi zawo zinali zingati?

N'chifukwa chake ndinakatenga fomu ija. Ndinati ku zamalamulo munthu amagwira mapepala okha, ndipo pepala silikhala bambo wa munthu. Ndinalemba dzina langa. Pofunsa chifukwa ndinalemba kuti sindikukwanitsa, zimene mwina n'zoona.

Koma ndikachoka, nkhope ija idzavundukulidwa pamaso pa alendo okhaokha. Mzee Wafula akuti chaka chikatha zotsala amakaziika kumanda a boma, popanda woimba nyimbo ngakhale imodzi. Ngati ndi Bambo, anamwalira kale okha, sindingawasiye aikidwenso okha. Ngati si iwo, ndi bambo a munthu wina wa kwathu amene akudikirabe kalata.

Fomuyo sindiipereka. Yankho lanu lifika Lachisanu litadutsa, choncho si chilolezo chimene ndikupempha. Ndikupempha chithunzi chija cha pa chitupa chawo chakale. Nkhope yawo sindiidziwa, ndipo nsalu ya kumutu tichotsa Pasaka akadutsa. Deliwe, uchiike pakati pa timakatoni tiwiri chisapindike. Amayi, mufunsenso amalume mwakachetechete ngati kuli mwambo wa mwana amene wachita zimene ndachitazi.

Dzulo anzanga atapita ku nkhomaliro ndinatsala ndekha kuwafunditsa. Ndinapinda nsalu m'mbali monga munkachitira ndi bulangeti langa, n'kunena kuti tsalani bwino. Kumbuyo kwanga wina anati zikomo, motsitsa mawu, m'katchulidwe ka kwathu. Ndinaganiza kuti ndi Mzee Wafula akundiseka, ndiye sindinacheuke. Nditatuluka ndinawapeza panja pansi pa mtengo, ndudu yawo itatsala pang'ono kutha.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa alamu ndi kwa onse a kumpingo. Mulungu akusungeni. Mukamapemphera, muzitchula anthu awiri kuno.

Ine mwana wanu,
Reuben