Chala Chimene Chinaterereka ku Atami

Lolemba, 7 Okutobala 1996

Akampani ya zimbale ayimba foni. Nyimbo yathu ya "Chikepe cha Lamulungu" aikonda, akufuna ikhale yoyamba pa chimbale. Ine ndi Shinpei, mnzanga amene timapanga naye nyimbo, tinalumphalumpha m'kachipinda kathu ka ku Shibuya mpaka okhala pansi pathu anagogoda denga ndi tsache. Kenaka anawonjezera kuti kachidutswa ka limba kamene tinadula pa chimbale chakale kakufunika chilolezo cha woimbayo. Pepala lidindidwe ndi chidindo chake pofika Lachisanu la pa 18, apo ayi nyimboyo ichotsedwa.

Shinpei (S.) akuti, "Ndiye vuto lili pati, Kozue? Si bambo ako omwe? Kwera sitima."

Vuto ndi loti chimbalecho ndinachita kuba. Ndinachipeza kwathu ku Odawara, pansi penipeni pa kabati ya zofunda, n'kuchilowetsa m'chikwama osauza munthu. Inachijambula ndi hotela ina ya ku Atami mu 1967, choti azipatsa alendo ongokwatirana kumene. Kumbuyo kwake analemba kuti "Pa limba: Amemiya Tokuji." Koma Ababa amene ndikuwadziwa ine ndi a taye ndi chikwama, zaka 26 mu ofesi ya inshuwalansi. Sindinawamvepo ngakhale akuimba likhweru.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Kachidutswako ndi ka masekondi anayi okha. Limba likukwera mwamatama, kenaka chala chikuterereka n'kugunda makiyi awiri pamodzi, pwii! Chapatali matambula akugundana, mayi wina akuseka. S. anakalowetsa m'makina ake n'kumakabwereza maulendo 48. Pamwamba pake tinaika ng'oma zonyang'wa zija za m'ma 60, belu la pakhomo, ndi ine ndikuti pa-pa-pa-ya ngati mtsikana wotsatsa sopo pa wailesi.

Titaiyesa pa gulu mwezi watha, anthu ankadikira pa pwii pomwepo kuti adumphe. Nyimbo yonse yatsamira pa kulakwitsa kwa Ababa. Ndikawauza bwanji zimenezi?

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndinanyamula foni kawiri kuti ndiyimbire Ababa. Kawiri konse ndinaibwezera.

Loweruka, 12 Okutobala

Odawara. Ababa ndinawagulira timakeke ta nyemba timene amakonda, ngati chiphuphu.

Ndinawapeza akudinda pepala la uthenga wa m'dera, lija limayenda khomo ndi khomo kuti aliyense asonyeze kuti waliona. Ntchito ya sekondi imodzi, iwo amaitenga ngati opaleshoni. Ndipo nkhani ija inabweranso, imene ndaimva kambirimbiri. Ku ofesi kwawo wamng'ono ankapendeketsa chidindo chake kumanzere, kuti chizioneka ngati chikuweramira cha bwana.

"Zaka 26 chidindo changa chinali chowerama," anatero akupukuta inki. "Tsopano chimaima chilili. Sichiweramiranso munthu."

Titamwa tiyi ndinaika kaseti ya nyimbo yathu. Amayi anayamba kugwedeza mapewa, kenaka ataona nkhope ya Ababa anasiya. Ababa anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa mawondo.

"Kangati?"

"48, Ababa."

"Ine ndinalakwitsa kamodzi pa zaka zisanu ndi ziwiri. Iwe wandilakwitsa ka 48 pa mphindi zitatu. Anzako aja amaseka, eti?"

"Amavina."

"Ndafunsa ngati amaseka."

Pepala la chilolezo limene ndinabweretsa analikankhira kwa ine ndi chala chimodzi. Za kuba sananene n'komwe, anangoti chimbale chawo ndibweze. Bola akanandikalipira.

Lamulungu, 13 Okutobala

M'mawa ndikutsuka mbale ndi Amayi. Akuti chimbalecho anachijambula kamodzi kokha, alendo akudya. Ababa anapempha kuti abwereze, koma mkulu wa hotela anawasisita pa phewa n'kunena kuti asadandaule, palibe amamvetsera woimba limba anthu akudya. Akuti mawu amenewo ndi amene anawapweteka, osati chalacho. Ine nditabadwa anagulitsa limba n'kugula taye.

Ndinafunsa ngati mayi akuseka uja ndi iwo.

"Ine? Tinali tisanakumane n'komwe. Usapange filimu iwe, pukuta mbale."

Mu sitima pobwerera funso lawo linandikakamira. Zoona zake n'zoti inde, tinaseka. Tsiku loyamba ine ndi S. tinaseka mpaka misozi. Tonsefe a ku Shibuya ndi mmene tilili, timafukula zimbale zimene makolo athu anachita nazo manyazi, timavala madiresi a amayi athu, timaimba Chifalansa chimene sitichimva, diso limodzi litatsinzina. Koma munthu sungamvetsere chinthu maulendo chikwi ukungochiseka. Sindikudziwa tsiku limene kuseka kunatha. Ndimangodziwa kuti pa masekondi anayi amene aja pali mnyamata wosangalala amene ankathamangitsa zala mpaka kupitirira, ndipo ine sindinakumanepo naye. Ndimamusowa. Izi ndinayenera kuwauza dzulo.

Lolemba, 14 Okutobala

Takangana ndi S. Iye akuti aimbe yekha kachidutswako motsanzira, palibe angadziwe. Ine ndati ndiye kuti ndawabera kawiri. Akuti, "Nanga nyimbo ife chifukwa mdala wakwiya?" Ndamuuza asawatchulenso mdala. Tadya soba, supageti wa kuno, aliyense kuyang'ana mbale yake.

Chimbale ndachitumiza pa positi. Kalata ndinalemba katatu, pomaliza ndangoti pepani.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ababa ayimba OKHA foni! Chibadwire changa.

"Mawa ndibwera 2 koloko masana. Mundipezere limba. Ndidzaimba bwinobwino, mopanda cholakwa, chimenecho ndiye mugwiritse ntchito. Chakale chija ayi."

Anadula ndisanayankhe. S. wathamanga kukabwereka limba lamagetsi lakale kwa mnzake wa ku Koenji. Talikweza masitepe anthu atatu, msana wanga watha.

Lachitatu, 16 Okutobala

Anafika kutatsala mphindi khumi, atavala suti. Nsapato anazifoletsa pakhomo pafupi ndi mulu wa nsapato za S., ndipo ndinachita manyazi ndi chipinda chonse, mawaya, makapu osatsuka, zimbale mpaka kudenga. S. anawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda ng'oma.

Poyamba zala zinali zouma. Anakhala kanthawi akungozipinda n'kuziwongola. Kenaka anayamba, ndipo ine ndinatembenukira ku zenera kuti asandione nkhope. Ulendo wachitatu anaimba mwaukhondo, kiyi iliyonse pamalo pake.

S. analowetsa kachidutswa katsopanoko m'nyimbo, tinamvetsera tonse atatu. Zonse zinalipo, ng'oma, belu, pa-pa-pa-ya wanga. Koma nyimbo inangoti ndwii, ngati mlendo amene wakhala pa mpando osavula jekete. S. ankayang'ana mawaya.

"Taikaninso yakale ija," anatero Ababa.

Anaimvetsera maso ali pansi. Pofika pakati ndinaona phazi lawo, lili m'sokosi yotuwa, likugunda pansi pa pwii paliponse. Nyimbo itatha anabwerera pa limba.

"Bambo Shinpei, tajambulani. Ndilakwitsa dala."

Anayesa kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse chala chinkakagwera pa kiyi yolondola, kapena chinkalakwitsa mwaulemu, mochedwa, ngati chikupempha chilolezo. S. anayesa kuwalangiza: "Ababa, muthamange kwambiri, ngati sitima ikukusiyani." Anathamanga, koma osatheka. Mwadzidzidzi anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kuvula magalasi.

"Chala ichi chinakhalitsa mu ofesi," anatero. "Mnyamata uja sindingamupezenso."

Anamwa tiyi, anafunsa S. mmene makina ake amagwirira mawu, n'kunyamuka kuti apeze sitima ya 5 koloko. Za chilolezo sananene. Atapita ndinaona kuti pepala lija palibe pa tebulo.

Lachinayi, 17 Okutobala

Zii. Ndayimba kunyumba, Amayi akuti Ababa ali kumunda kwawo kwa anyezi ndipo sananene kanthu. S. wayamba kale kusankha nyimbo ina yoika poyamba, akubisa kuti ndisaone. Ndaona.

Lachisanu, 18 Okutobala

Akampani anati pepala lifike 3 koloko. 11 koloko belu linalira, lenileni la pakhomo.

Ababa. Sanavale suti lero, anavala juzi ya kumunda. M'manja chimbale chija, chimene ndinatumiza Lolemba, envulopu yake yomweyo.

"Ichi chizikhala kuno. Kwathu chimangonunkha mankhwala a njenjete."

Anakhala pansi, natulutsa pepala ndi kachikwama ka chidindo. Pansi pa pepalapo pali mabokosi awiri, langa kumanzere, ndinadinda kale sabata yatha, lawo kumanja. Anatsegula inki koma sanadinde msanga.

"Unati amavina."

"Amavina, Ababa."

"Akudya?"

"Ayi. Amasiya chilichonse, amadikira pamene paja."

Ndinawauzanso zina zija za mu sitima, mosalongosoka, theka ndikuyang'ana pansi. Kuti poyamba tinasekadi. Kuti mnyamata uja ndimamusowa. Anangoti "Hm."

Kenaka anagunditsa chidindo pa inki katatu monga amachitira, anachiika pa pepala, anakanikiza ndi manja awiri. Atachichotsa, dzina lawo lofiira linali litapendekera kumanzere, kuyang'ana langa.

"Ababa, chapendekeka."

"Ndaona," anatero akutseka inki. "Chisiye choncho. Thamanga, 3 koloko si kutali."