Mchombo wa Mwana wa Eni

Amayi anga, kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ine kuno ku Oshawa, m'dziko la Canada, ndilipo, sindikudwala. Sinowo wayamba kusungunuka ndipo panja pali matope okhaokha, koma ndikungowaonera pawindo. Lero ndakwanitsa masiku khumi ndi atatu osatuluka m'nyumba. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mundilole ndiyambe ndi za kumudzi.

Ndinalankhula ndi achemwali a Esinati mwezi watha, mpaka khadi la foni linatha. Akuti chimanga chabereka bwino chaka chino, kupatula kumunsi kwa munda kumene madzi anakokolola mizere ingapo. Mbatatesi zinagwa matenda. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, ndiye achimwene a Yohane anafolera ndi malata akale amene anachotsa kutchalitchi. Akazi awo anachira mwana wamwamuna, amutcha dzina la bambo. Tadala wanga ali Sitandade 2. Wagulula mano awiri akutsogolo, ndipo akamupatsa foni amangopumira momwemo osalankhula. Achemwali amati watengera amake. Mapepala omuitanitsira kuno akadali ku ofesi. Bambo ake anapita kuchigawo chakutali cha Alberta kukafuna ntchito pamene fakitale ya magalimoto ya kuno inachepetsa anthu. Papita zaka ziwiri tsopano. Poyamba ankaimba.

Nkhani yanga ndi iyi. Ndabereka, amayi. Mwana wamkazi. Koma si wanga.

Musadzidzimuke, sindinayende ndi mwamuna aliyense. Kuno kuli mabungwe, amati ejensi, amene amapezera mabanja osabereka mayi woti awanyamulire mimba. Madokotala amatenga dzira la mkazi ndi mbewu ya mwamuna wake, n'kuziphatikiza kuchipatala, kenako n'kuziika m'mimba mwa mkazi wina. Mkazi winayo ndinali ine. Anandibwerezera kangapo kuti mwa mwanayo mulibe ngakhale dontho la magazi anga. Ine ndinangomva kuti ndili ngati nkhokwe imene mnansi wasungitsamo chimanga chake.

Anandiuza za ejensiyo ndi mnzanga wa ku Jamaica amene timachapa naye zofunda kunyumba yosungirako okalamba. Ndi iye anandiperekeza. Mayi wa muofesimo, dzina lake Linda, anandifunsa mafunso ambiri: ndinachira bwanji Tadala, ndimasuta kodi, ndimamwa kodi. Ndinkangoti eya kapena ayi. Anati lamulo la kuno silola kugula mimba, eni mwana amangokuthandiza pa chakudya, zovala ndi maulendo a kuchipatala. Kenako anandifunsa chifukwa chimene ndikufunira kuchita zimenezi. Ndinachedwa kuyankha, ndiye anadziyankha yekha kuti, "Uli ndi mtima wabwino," n'kulemba papepala. Mpaka lero sindikudziwa chimene ndikadanena. Chimwalirireni inu, maliro anu n'kungowamvera pafoni, thupi langa linkakhala ngati nyumba imene anthu anasamukamo. Mwina ndinkangofuna kuti mukhale munthu.

Eni mwanayo ndi azungu a ku Oakville, a Karen ndi amuna awo a Peter. Akhala m'banja zaka zoposa khumi. A Karen anapita padera kanayi, kenako madokotala anawachotsa chiberekero. Tsiku loyamba kukumana anandigwira manja onse awiri n'kuyamba kulira. Ine ndinkayang'ana nsapato zawo. Tinasaina mapepala kwa loya, amene anandiwerengera pang'onopang'ono ngati mwana wasukulu. Pambuyo pake panali majakisoni a m'thako tsiku ndi tsiku kwa miyezi pafupifupi itatu. Ndinaphunzira kudzibaya ndekha nditaima chotembenuka pagalasi. Ndinkakwera sitima kupita ku Toronto kukapimidwa, n'kubwerako madzulo. Mimba inagwira ulendo woyamba. Dokotala anati ndili ndi thupi labwino.

Itayamba kuoneka, ndinapita kuphwando la Khirisimasi limene a Malawi anachitira ku Hamilton. Ndinavala juzi lalikulu koma sizinathandize. Mayi Chirwa, amene ndi nesi kumeneko, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Amake Tadala, nanga izi? Abambo aja ku Alberta ayamba kutumiza pafoni?" Azimayi anaseka mpaka kuombana m'manja. Wina anati, "Khadi lake mutiuzeko, nafenso tikagule." Ine ndinangoweramira mbale yanga. Ndikadafotokoza bwanji? Inu munkandifunsa kuti, "Felesiya, pakamwa pakopo anasokapo ndani?" Sipanasokoloke, amayi. Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso kumene kuli anthu akwathu, ndipo achemwali sakudziwa kanthu.

Matenda anayamba Lachiwiri m'mawa, masabata awiri apitawo. A Karen ndi a Peter anathamangira kuchipatala, ndipo onse awiri analowa m'chipinda chochirira. Mwamuna wa eni, amayi, ataima pamenepo. Ndinafuna kunena kuti atuluke koma ndinangodziphimba kumaso ndi nsalu. Mwana atabadwa, nesi anapatsa a Peter sizasi kuti adule mchombo. Kuno amatero. Anadula. Mwanayo anamuika pachifuwa pa a Karen, ine n'kungoona kaphazi.

Masana anabwera naye kuti ndimunyamuleko. Woyera, tsitsi lofiirira, palibe pamene akufanana ndi ife. Pamchombo anapanapo ndi kapulasitiki. Ndinadikira kuti ndimve chinachake mumtima, koma ndinangomva njala. Nesi anandibweretsera buledi ndi tiyi, ndinadya zonse. Lachinayi anamumangirira m'kampando ka m'galimoto, a Karen anandikumbatira nthawi yaitali, n'kupita. Ine mnzanga wa ku Jamaica uja anandibweretsa kuno.

Linda anafika ndi maluwa. Anati ndipume, ndizidya bwino, ndiziyendako panja kuti mphepo indiombe. Mawere anatupa ngati maungu, ndipo nesi anati ndiziikamo masamba a kabichi ozizira kuti mkaka uume. Ndinachita zimenezo. Koma za kutuluka zinandikanika. Ndinkavala jekete ndi nsapato, ndikafika pachitseko miyendo n'kuima yokha. Ndi inu munandiphunzitsa nthawi ya Tadala kuti mayi satuluka m'chikuta mchombo wa mwana usanagwe, ndiponso sathira mchere m'ndiwo. Kuno ndilibe woti n'kumudwalitsa, ndimadya ndekha, komabe dzanja linkakana. Ndinali m'chikuta chopanda mwana, kudikira mchombo umene uli kunyumba ya eni.

Tsiku lachitatu ndikutsuka kapu m'mawa, ndinakumbukira chinthu china. Masiku aja munkagona pambali panga, ndipo m'mawa ndi madzulo munkamasula kansalu kuona mchombo wa Tadala. Thewera munkamanga nokha, simunkandikhulupirira. Munkati, "Maso akhale pamenepa. Ukangogwera pakati pa miyendo, mwanayu wamutsekera, sadzabereka." Munkapereka chitsanzo cha azakhali a Nachisale, amene anawabweza kuukwati kawiri chifukwa chosaona mwana. Munkati agogo anali atatuluka kukathamangitsa mbuzi, pobwera anapeza wagwa kale.

A Karen zimenezi sakuzidziwa. Anawauza ndani? Ndinakhala nawo miyezi isanu ndi inayi, ankandiimbira foni sabata iliyonse kufunsa ngati ndadya zipatso. Kuchipatala tinakhala limodzi masiku awiri. Sindinanene. Mayi amene anavutika choncho kuti aone mwana, mwana wakenso adzayende njira yomweyo chifukwa cha manyazi anga. Kapu ija ndinaitsuka mpaka madzi anazizira.

Linda anali atandiuza kuti banjalo ndilisiye mwezi umodzi lizolowerane ndi mwana, uthenga uliwonse uzidzera kuofesi. Choncho ndinaimbira iye. Ndinafunsa ngati mchombo wagwa. Anati sakudziwa, koma mwana ali bwino kwambiri. Ndinayesa kufotokoza, Chingerezi chinandithawa, ndinangokhala ndikubwereza mawu amodzimodzi. Iye anatsitsa mawu n'kundifunsa ngati ndikugona tulo, ngati ndikulira, ngati ndikufuna kukaonana ndi munthu wopereka uphungu. Anati amayi ambiri amamva choncho akasiyana ndi mwana. Ndinati ayi, zikomo. Ndinaona kuti uthenga wanga suchoka muofesimo.

Munkati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinatenga pepala n'kulemba m'Chingerezi zoti ndiuze a Karen: aziona mchombo m'mawa ndi madzulo, amangepo kansalu, ukagwa usagwere pansi pa mimba, ndipo aukwirire pamalo obisika. Ndinalemba, kufufuta, kulembanso. Nambala yawo ndinali nayo. Tsiku lililonse ndinkakhala pabedi, pepala pamwendo, foni m'manja. Ndinkadina manambala onse kusiya yomaliza. Ndinkaganiza kuti adzandiseka, kapena adzaopa kuti ndikufuna kuwalanda mwana. Ndinkati ndiimba mawa. Wa Tadala unagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkadziwa kuti masiku akupita, koma ndinkangowaona akupita ngati mabasi a kwina.

Dzulo masana ndinaimba. A Karen anasangalala kwambiri kumva mawu anga. Anati mwana amutcha Emily, akuyamwa botolo bwino, a Peter aphunzira kumusambitsa. Ine ndinayang'ana papepala n'kuwerenga mawu oyamba, kufunsa za mchombo.

Anaseka. "Kaja? Kanagwa Lachisanu. Ndinakapeza m'thewera posintha, kakuda ngati mphesa youma. Poyamba ndinadzidzimuka."

Ndinafunsa kumene anakaika.

"Ndinataya pamodzi ndi theweralo. Bwanji, Felesiya? Ndalakwa?"

Ndinayang'ananso papepala. Zonse zimene ndinalemba zinali za chinthu chimene sichinachitike. Za chimene chachitika kale ndinalibe mawu, m'Chingerezi ngakhale m'Chichewa. Kumbuyo kwawo ndinamva mwana akuyamba kulira, kamawu kakang'ono kosasa.

Ndinati, "Ayi, simunalakwe."

Anati atumiza zithunzi, ndipo nyengo ikafunda ndidzapite kukacheza. Ndinati chabwino.

M'thewera, amayi. Lachisanu. Ndikadaimba Lachinayi, kapena tsiku lililonse mwa masiku onse aja ndinali ndi pepala pamwendo. Wa Tadala munakaukwirira nokha kuseri kwa nyumba, malo amene ngakhale ine simunandionetse, ndipo munati kulikonse kumene adzapite adzadziwa kwawo. Wa uyu wapita ndi galimoto ya zinyalala.

Sindinalire. Ndinakhala pabedi pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Ndinasintha masamba a kabichi. Ndinaphika mpunga n'kudya theka. Ndakhala ndikudikira kuti mtima uwawe, koma uli ngati dzino limene dokotala wabaya jakisoni: ukudziwa kuti akuzula, ukumva kukoka, ululu wokha ndi umene sukufika.

Lero m'mawa ndinaganiza chinthu chimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndakulemberani. Mwambo uja ndi wathu. Azungu kuno michombo imagwera paliponse, amataya ndi zinyalala, koma ambiri akubereka. Ndiye kuti mwambowo umagwira ana athu okha. Ngati Emily ndi wa a Karen yekha, monga ananenera madokotala ndi loya, palibe chimene chimuchitikire. Adzakula, adzakwatiwa, adzabereka ana ake. Koma ngati miyezi isanu ndi inayi ija inamupanga wathu, ngati pomakankha nthiti zanga ndi kudya chimene ndadya analowa m'mtundu wathu, ndiye kuti mwambo wamugwira, ndipo ndamutsekera ndine.

Ndinakhala nthawi yaitali osadziwa choti ndipemphe. Ndinali ndisanadziwe kuti penapake ndinkafuna akhale wathu, ngakhale pang'ono. Ndinazindikira nditaona kuti ndikuchedwa kusankha.

Munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ulendo uno wokha mawu amenewo muwasunge, amayi. Mukamawerenga zidzukulu zanu kumeneko, uyu musamuwerenge. Agogo ndi azakhali a Nachisale akakufunsani kuti Felesiya ali ndi ana angati, munene kuti mmodzi, ali ku Ntcheu. Musapite ku Oakville kukamuona, ngakhale m'maloto. Ndikukudziwani, simupirira mukamva kuti kwabadwa mwana. Koma uyu mumusiye asadziwike kwa aliyense wa kwathu, kuti zathu zimudutse.

Inenso ndikulonjeza mbali yanga. Sindidzamutchula mwana wanga, pakamwa ngakhale mumtima. Zithunzi zikabwera ndidzaziona monga timaonera ana a eni m'basi, n'kunena kuti ndi wokongola, akule bwino. Kukhala chete ndimatha, inu mukudziwa.

Ndimakukondani, amayi. Mupereke moni kwa bambo.

Ndine mwana wanu,
Felesiya